Fulashi kapena kupusha filimu: njira ziwiri zojambulira punk ya ku London

Zithunzi za punk (nyimbo za rock zaphokoso ndi kavalidwe kake) ya ku London za 1976 ndi 1977 zambiri n'zakuda ndi zoyera, pa filimu ya ISO 400 (ISO ndi muyezo wa momwe filimu imamvera kuwala) monga Kodak Tri-X kapena Ilford HP5. Vuto linali mdima. M'makalabu a 100 Club pa Oxford Street ndi Roxy ya ku Covent Garden nyimbo zinkaimbidwa m'zipinda zapansi, magetsi ochepa, anthu akudumphadumpha. Wojambula ankasankha pakati pa kuwalitsa fulashi ndi kupusha filimu (kuijambulira kuwala kochepa n'kuitsuka nthawi yaitali), ndipo amene akufuna maonekedwe amenewo lero asankhanso pomwepo.

Fulashi ndiyo yoyenera zovala. Onani zithunzi za wojambula Derek Ridgers za achinyamata a ku Roxy: zipi, mapini, matcheni ndi zopakapaka m'maso zonse zikuoneka bwinobwino, kumbuyo kuli bii. Kachitidwe kake n'kosavuta. Lenzi ya 28mm pa f/8 (f ndi kukula kwa bowo la lenzi: nambala ikakula, bowo limachepa), mukaitchera pa mamita 2, imagwira bwino kuyambira mita imodzi ndi kota mpaka pafupifupi mamita 5, choncho simuvutika kufokasa mumdima. Mphamvu ya fulashi muiwerengere: nambala ya mphamvuyo, yotchedwa guide number, mukaigawa ndi mtunda mumapeza f. Ya guide number 20 pa ISO 100 imakhala 40 pa filimu ya 400, ndiye munthu ali pa mamita 5 mufunika f/8, ali pa mamita awiri ndi theka mufunika f/16. Mukaiwala kutseka lenzi munthu atayandikira, nkhope imangotuluka mbee. Shata isapyole liwiro lomwe kamera yanu imagwirizana ndi fulashi, lomwe pa Pentax K1000 ndi 1/60. Mukaika 1/250, mbali ina ya chithunzi imada chifukwa pa liwiro limeneli shata sitseguka yonse nthawi imodzi. Komanso mafulashi ena akale, monga Vivitar 283 zoyambirira, amatulutsa mavoti ochuluka omwe angawononge kamera ya digito. Yezani kaye musanalumikize.

Choipa cha fulashi n'choti imapha magetsi a pasiteji. Woimba amaoneka ngati wamujambulira mugalaja.

Apa ndiye kupusha kumapambana. Mumaika filimu ya 400, n'kuuza kamera kuti ndi ya 1600, kenako potsuka n'kuisiya nthawi yaitali m'mankhwala. HP5 Plus (HP5 yatsopano) m'mankhwala otsukira a ID-11 osasungunula, pa 20°C, imafuna mphindi 7 ndi theka pa 400, koma mphindi 14 pa 1600. Ndi lenzi ya 50mm pa f/2 ndi shata ya 1/125 mumagwira utsi, thukuta ndi kuwala kochokera kumbuyo kwa woimba. Koma dziwani kuti kupusha sikubweza zomwe filimu sinaone. Kumangowonjezera kuyera kwa malo owala, pomwe jekete lachikopa lakuda limasowera mumdima limodzi ndi zipi zake. Mita ya kamera nayo imapusitsidwa ndi mdima wakumbuyo n'kuwalitsa nkhope mopyola. Yezerani pankhope penipenipo, mutchere pamanja, musasinthenso. Zambiri zituluka zosafokasika, ndipo si zonse zotaya: chithunzi cha Pennie Smith cha 1979, Paul Simonon wa gulu loimba la The Clash akumenyetsa gitala pansi ku Palladium ya ku New York, n'chosafokasika bwino, koma chinakhala pachikuto cha chimbale chawo.

Pamsewu nkhani ndi ina. Kunja kwa yomwe inali shopu ya zovala ya Vivienne Westwood ndi Malcolm McLaren pa 430 King's Road, masana a mitambo, filimu ya 400 imakwana pa 1/250 ndi f/5.6 popanda kupusha. Filimu imodzi imatsukidwa ndi nthawi imodzi, ndiye musayambe mpukutu pamsewu pa 400 n'kukaumalizira mukalabu pa 1600. Tengani mipukutu iwiri, yopushayo muilembe 1600 ndi cholembera musanaiponye m'thumba.

Nanga Tri-X kapena HP5? Tri-X imatuluka yolimbirako pakuda ndi poyera, HP5 yofewerako, koma kusiyanako n'kochepa poyerekeza ndi zomwe katsukidwe kamachita. Ngati muli ndi kamera imodzi yokha ndipo chomwe mukufuna ndi kavalidwe, tengani fulashi ndi 28mm, filimu muisiye pa 400.