Makontrakitala omanga midadada ya makhonsolo: kupenta amatha, vuto ndi simenti ndi denga

Makontrakitala ang'onoang'ono amene amapata makontrakiti a khonsolo omanga midadada ya sukulu, zipatala zazing'ono ndi mashedi a m'misika, ntchito yooneka ndi maso amaitha. Zipupa zimawongoka, pulasitala amasalala. Chiletsereni boma njerwa zootcha pa zomanga zake mu 2018, ambiri anazolowera mabuloko a simenti ndipo khoma limakwera msanga. Apa tiwayamikire.

Pomwe amagwa ndi pa simenti. Konkire wa silabu ndi ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma) amafuna muyezo wa 1:2:4, kutanthauza simenti mbali imodzi, mchenga ziwiri, miyala ya kwale zinayi. Kapitawo akafuna kupulumutsa matumba amangowonjeza wilibala ya mchenga, mwinanso mchenga wake wa kudambo wodzaza dothi. Kuugwira n'kosavuta: thirani mchengawo m'botolo la madzi, khutchumulani, muusiye ukhazikike. Matope akakhuthala pamwamba, mchengawo ubwerere. Mabuloko nawonso amawaumba lero n'kuwamangira mkuja asanakhwime. Buloko lotere limanyenyeka mukalikanda ndi msomali.

Chinanso ndi madzi. Konkire amafunika kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zimakwana pa masiku 28. Koma poti mjigo uli kutali ndipo otunga madzi amafuna malipiro, kuthirira kumathera pa tsiku lachiwiri. Pansi pa kalasi pamayamba kufumbuka teremu isanathe, kenako maenje. Ena sayala n'komwe pulasitiki pansi pa silabu, ndiye chinyezi chimakwera khoma n'kutukumula penti m'munsi.

Denga ndiye limawaulula kwambiri. Matabwa a denga amayenera kumangiriridwa ku ring beam ndi waya kapena hoop iron (chitsulo chopyapyala chonga lamba) yolowa m'konkire momwemo, osati kungowakhomerera pamwamba pa khoma. Akaphonya apa, mphepo ya mvula zoyamba imasasula denga lonse ngati chipewa. Malata nawo pamakhala chinyengo: papepala alemba geji 28, padenga aika geji 30 kapena 32. Nambala ikamakwera lata limapyapyala, ndipo muli pansi simungasiyanitse. Matabwa osapaka mankhwala, chiswe sichichedwa nawo.

Si zonse zomwe tingawasenzetse iwo. Malipiro amachedwa, ndipo amene anasainira mtengo kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anapeza kuti simenti ya pa bajeti siikwananso. Midadada ina yoima pa mawindo nkhani yake ndi imeneyi. Woyang'anira wa khonsolo nayenso amafika mwa apo ndi apo, kawirikawiri konkire atauma kale.

Kodi n'ngoyenera kupatsidwa ntchito? Inde, koma wina aziwaima pamsana. Satifiketi ya kontrakitala yochokera ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga ionetse gulu lolingana ndi kukula kwa ntchitoyo, ndipo komiti yoyang'anira ntchitoyo ikaone mdadada womwe anamanga umene wadutsa dzinja kawiri. Tsiku lothira konkire komiti ikhalepo, iwerenge matumba otsegulidwa, ndipo malata iwaone chidindo chake asanakwere. Ndalama ya retention, yomwe khonsolo imasungako pa malipiro a kontrakitala ngati chikole, isatuluke mpaka nthawi yokonza zolakwika, yomwe kawirikawiri imakhala miyezi 12, itatha ndipo ming'alu ndi modontha monse akonza.