Jimu ija ya pa boma, mmene ndaionera ine

Amene mumafunsa za jimu ija ya pa Mangochi boma, nayi nkhani yake. Malo ndi ochepa, zitsulo zambiri ndi zowotcherera konkuno, treadmill (makina othamangirapo) ilipo imodzi yokha ndiye magetsi akathima basi iwalani. Masana mkatimo simukhalika, fani imangozunguza mpweya wotentha womwewo, bola kupita mmamawa.

Koma chimene ndawakondera ndi trainer wawo, mkulu ameneyu sanamiza anthu ayi. Amanena poyera kuti ukathamanga mphindi 30 umawotcha ma calories (muyeso wa mphamvu yochokera m'zakudya) mwina 300, ndiye iwe potuluka ugule chipisi chonona mafuta ndi chakumwa chozizira, zonse zija zabwerera ndi chiwongoladzanja chomwe. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi ma calories pafupifupi 120, botolo la Coca-Cola la 300ml pafupifupi 130, werengani nokha. Nsima saletsa, amangoti mitanda itatu ija itsike ifike iwiri, masamba achuluke, chambo kapena usipa uziwotcha kapena kuphika osati kukazinga tsiku lililonse. Za mitandazo zimawawa amwene koma zoona ndi zimenezo.

Masiku opanda jimu amati tiziyenda chandawala kukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi nkubwerera, osati kabaza paliponse ngakhale pafupi.

Chondinyansa ndi sikelo yawo, ukangopendekeka pang'ono yasintha manambala. Madzi akumwa muzibwera nawo. Azimayi amabweranso ndipo zachipongwe sindinazionepo, mtengo wapamwezi nawo ndi wosaboola m'thumba.