Kukonza deti ya chaka cha 2000: manambala anayi, windowing kapena pulogalamu yatsopano?

Mapulogalamu ambiri a COBOL (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta) a m'mabanki ndi m'makampani a inshuwaransi ankasunga chaka ndi manambala awiri okha, popeza malo osungira zinthu pa kompyuta anali odula. Choncho 1999 inali 99, ndipo 2000 ikanakhala 00. Kompyuta yowerengera chiwongola dzanja ikanaona ngati ngongole ikubwezedwa zaka 99 isanatengedwe n'komwe.

Njira yothetseratu vutoli inali kukulitsa malo a chaka kuti alowe manambala anayi. Ntchito yake inali yotopetsa: fayilo iliyonse, lipoti lililonse, ndiponso mafayilo otumizirana ndi makampani ena. Banki ikasintha kalembedwe ka fayilo ya malipiro, wolandira fayiloyo ankayenera kusinthanso nthawi yomweyo. Ndalama zinkalowa zambiri, koma ukamaliza unkagona tulo.

Ambiri anathamangira njira ina yotchedwa windowing chifukwa inali yachangu ndi yotsika mtengo. Zosungidwa kale sizikhudzidwa. Pulogalamu imangouzidwa malire: nambala yochepera 30 ndi ya m'ma 2000, kuyambira 30 kupita m'mwamba ndi ya m'ma 1900. Kwa kampani imene nthawi inaithera, sindingaidzudzule. Koma ichi n'chigamba, ndipo chimang'ambika m'malo awiri. Koyamba, chimakwana zaka 100 zokha. Wapenshoni wobadwa mu 1928 mukamulembera 28, kompyuta imati adzabadwa mu 2028. Kachiwiri, aliyense anaika malire akeake. Lamulo lakale la Excel limathera pa 29, mtundu wa deti wotchedwa RR mu Oracle (pulogalamu yosungira zinthu pa kompyuta) pa 49, ndipo strptime (kachigawo kowerengera madeti pa makompyuta a Unix) pa 68. Tengani 45: ku Excel ndi 1945, ku Oracle ndi 2045, ndipo palibe uthenga wokuchenjezani kuti zasemphana. Apa ndi pamene mtima wanga sukhala m'malo, chifukwa cholakwika chotere chimaoneka mochedwa, malipoti atatuluka kale.

Ena ankangobweza wotchi ya makina zaka 28, popeza kalendala ya 1972 imafanana ndi ya 2000: zaka zonse ziwiri zinayamba Loweruka ndipo zili ndi 29 Febuluwale. Zinkathandiza pa makina oima paokha, osati pa malisiti opita kwa makasitomala.

Kutaya zakale n'kugula pulogalamu yatsopano ngati SAP kunkaoneka kwanzeru, koma kunkafuna nthawi yoyesera mokwanira. Kampani ya chokoleti ya Hershey ku America inayatsa makina ake atsopano mu Julayi 1999 mothamanga, ndipo inalephera kutumiza katundu wa ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni panyengo ya Halloween, chikondwerero cha kumapeto kwa Okutobala, pamene malonda ake amakhala pachimake.

Ine ndikanakulitsa deti paliponse pamene pali masiku obadwa, penshoni ndi ngongole zazitali, windowing n'kuisiyira zinthu zosakhalitsa monga maoda. Ngati kuntchito kwanu kukadali pulogalamu yakale, funsani amene amaisamalira kuti malire ake ali pa chaka chiti. Kenako pa kompyuta yoyeserera, osati yogwirira ntchito, lembani deti ya chaka cha 30 muone ngati ituluke 2030 kapena 1930. Amene malire awo ali pa 29, ngongole ndi makontirakiti othera mu 2030 ayamba kale kulowa m'mabuku awo.