Ma wafer obwera atapakidwa kale catalyst: ndi abwino pomeretsa ma carbon nanotube, koma mudziwiretu izi

Anzanga amene mukupanga za ma carbon nanotube (timachubu ta carbon tating'ono zedi) koma labu yanu ilibe e-beam evaporator kapena sputter coater (makina opakira filimu yopyapyala ya chitsulo), ma wafer (timbale topyapyala tomeretserapo machubuwo) obwera atapakidwa kale catalyst (chitsulo choyambitsa kumera kwa machubu) awa akuthandizani heve. Ine ndinaitanitsa a silicon okhala ndi alumina (aluminium oxide) yokhuthala 10 nm (nm ndi nanometer, gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita) kenako iron, yomwe ndiyo catalyst, ya 1 nm pamwamba pake, ndipo amagwira ntchito ndithu.

Mumangodula kachidutswa, kuika mu chubu cha quartz m'ng'anjo, kulowetsa argon kuti ithamangitse mpweya, kenako hydrogen, moto kuukweza mpaka cha m'ma 750°C. Ikatentha choncho filimu ya iron ija imang'ambika n'kusanduka timadontho ngati mmene madzi amachitira pa mbale ya mafuta, ndiye mukatsegula ethylene gasiyo imasweka pa timadonthoto, carbon n'kumatuluka ngati chubu pa kadontho kalikonse. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, kukula kwa kadontho ndi komwe kumalamula kunenepa kwa chubu, ndipo kadonthoko kamatengera kukhuthala kwa filimu. Ikakhuthala kwambiri mupeza machubu onenepa a makoma ambiri, ikapyapyala bwino mumayandikira a khoma limodzi kapena awiri. Pa 1 nm palibe zongoyerekeza ayi, kusiyana pang'ono chabe zotsatira zasintha kale.

Chomwe ndinakonda kwambiri ndi alumina ya pa ma wafer amenewa. Imagwira timadontho kuti tisaphatikizane n'kukhala zimadontho zazikulu, komanso imatchinga iron kuti isalowerere mu silicon n'kupanga silicide (iron yolumikizana ndi silicon), pajatu ikatero ndiye kuti catalyst yafa basi. Zidutswa za pakati pa wafer zinandipatsa kapeti yakuda bii, machubu oima chilili othithikana, pa SEM (maikulosikopu ya ma electron) zokongola zedi, ndipo pa Raman (muyezo wa laser woonetsa ubwino wa machubu) G band ya cha pa 1580 cm⁻¹, yosonyeza carbon yoyalana bwino, inali pamwamba bwinobwino kuposa D band ya pa 1350 cm⁻¹, yosonyeza zolakwika m'machubu. Nditawonjezera kanthunzi ka madzi pang'ono, njira ija ya Kenji Hata ndi anzake ku AIST, bungwe la kafukufuku la ku Japan, ya mu 2004 yomwe anameretsa nayo machubu otalika 2.5 mm m'mphindi 10, machubu anga anatalikanso kuposa poyamba chifukwa madziwo amachotsa mwaye wa carbon womwe umakwirira catalyst.

Koma pali zondidandaulitsa. Zidutswa za m'mphepete zinamera zamawangamawanga, pena pakuda pena pambalambanda, kusonyeza kuti filimu sinafalikire mofanana, ndipo wogulitsayo sanatumize pepala lililonse losonyeza mmene anayezera kukhuthala kwake. Pa chinthu chodula chonchi sizoona zimenezo, munthu umafuna udziwe chomwe wagula.

China, mukagula awa ndiye kuti mwamangika pa 1 nm ya iron yomweyo. Ngati research yanu ndi yofuna kuona zomwe zimachitika mukasintha kukhuthala, kapena mukufuna kuyesa nickel ndi cobalt, musataye ndalama, bola mukapemphe nthawi pa makina a dipatimenti ina muzipaka nokha. Koma ngati mukungofuna machubu oima bwino oti mupangire sensor kapena electrode, gulani, mufunse pepala la muyezo musanalipire, mugwiritse zidutswa za pakati pa ntchito yeniyeni, ndipo musasiye hydrogen ikuyenda nthawi yaitali ethylene isanalowe chifukwa timadontho timakula n'kukuonongerani zonse.