Masamu ndi fizikisi, kapena bayoloje ndi kemisitiri?

Mwana akakhoza bwino MSCE, pakhomo pamabuka mkangano: bambo akufuna injiniya, mayi akufuna dokotala. Kuno ku Blantyre njira zonse ziwiri zilipo, uinjiniya (masamu ndi fizikisi) ku yunivesite ya MUBAS pa Ginnery Corner ndi udokotala (bayoloje ndi kemisitiri) ku yunivesite ya KUHeS pafupi ndi chipatala cha Gulupu.

Masamu ndi fizikisi: zoloweza n'zochepa, koma ukangojomba calculus (masamu a kasinthidwe ka zinthu) masabata awiri, zotsatira zonse zimasanduka chifunga. Apa kuwerenga kokha sikuthandiza, mpofunika pensulo m'manja tsiku lililonse.

Bayoloje ndi kemisitiri: kuloweza mayina mpaka tambala kulira, kuwonjezera malipoti a ku labu.

Zogula: uku calculator, zida zojambulira mapulani ndi laputopu yolimba; uko chikhoti choyera ndi mabuku onenepa ngati njerwa.

Zaka: uinjiniya 5, udokotala 6 pamodzi ndi chaka chokonzekera, kenako internship (kugwira ntchito moyang'aniridwa).

Amene sagona samu ikamukanika, apite ku fizikisi. Woleza mtima, wosaopa magazi ndi fungo la m'wodi, bayoloje ndi yake. Koma ngati mukuthawa masamu, dziwiretuni: ku kemisitiri masamu a ma mole (muyezo wa kuchuluka kwa makemikolo) akukudikirani.