Rotten Row, Gweru kapena uphunzitsi: mwana wofuna kuphunzira nyimbo apite kuti?

Ana athu ambiri a m'malokeshoni a mu Harare monga Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Mbare nyimbo amayambira mu kwaya ya kutchalitchi. Tsiku lomwe mwana wanena kuti akamaliza fomu sikisi akufuna digiri ya nyimbo, pakhomo sipakhala mtendere. Abambo amafunsa kuti nanga Alick Macheso anapita kuyunivesite iti, si uja anakulira m'manja mwa Nicholas Zakaria mu bandi ya Khiama Boys? N'zoona zimenezo. Koma mwanayo wafunsa za sukulu, ndipo njira zomwe banja la mu Harare lingazikwanitse ndi zitatu: Zimbabwe College of Music konkuno, Midlands State University ku Gweru, ndi makoleji a uphunzitsi. Zonse zimatchedwa kuphunzira nyimbo, koma anthu omwe zimatulutsa ndi osiyana kwambiri.

Zimbabwe College of Music ndi yakale ndithu. Inayambitsidwa mu 1948 ndi mayi Eileen Reynolds, ndipo ili ku Civic Centre, cha ku Rotten Row, pafupi ndi laibulale ya mzinda. Mphamvu yake ili m'zala ndi pakhosi. Kumeneko munthu amakhala pansi ndi mphunzitsi wa chida chake, kaya ndi piyano, gitala, mawu, malimba kapena mbira, n'kumakonzedwa pomwe walakwitsa nthawi yomweyo. Amene anagwirapo mbira akudziwa kuti masabata oyamba zala zazikulu zimachita matuza, ndipo tizitsekerero ta mabotolo tapachikho tija timalira mokusokoneza mpaka khutu litazolowera. Zotere sungaziphunzire uli pakati pa anthu odzaza holo. Kumbali ya thumba nakonso n'kopepukirapo, chifukwa mwana amagona kwawo, amadya nsima ya amayi ake, ndipo kupatula fizi chomwe mumasaka tsiku ndi tsiku ndi ya kombi basi.

Pomwe muyenera kutsegula maso m'pakuti iyi ndi koleji. Satifiketi ya nyimbo imapereka, koma digiri ya pakoleji imadzera mu mgwirizano ndi yunivesite ina. Musanalipire kobiri, funsani kuofesi kuti pa pepala lomalizalo padzalembedwa dzina la yunivesite iti, komanso ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno. Funso limeneli si lachipongwe, ndipo liyenera kufunsidwa paliponse pomwe mwamva mawu oti digiri.

Ku Gweru nkhani ndi ina. Midlands State University inatsegulidwa mu 2000, ndipo dipatimenti yake ya nyimbo imaphatikiza zinthu zitatu: bizinesi ya nyimbo, kafukufuku wa nyimbo, ndi luso la zipangizo zojambulira. Digiri yake ndi ya zaka zinayi, ndipo polowa pamafunika maphunziro asanu a O Level kuphatikizapo Chingerezi, ndi awiri a A Level. Mwana amene mumamupeza usiku ali pa laputopu ndi mahedifoni akumanga mabiti, amene amafunsa kuti ndalama za nyimbo yoseweredwa pawailesi zimayenda bwanji kuchoka ku ZIMURA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, kufika kwa woipeka, kwawo n'kumeneku. Koma amene akuganiza kuti akakhala zaka zinayi akungoimba gitala akadabwa. Kuyunivesite kuli kuwerenga, kuli kulemba, ndipo chaka chomaliza kuli kafukufuku wako wekha woti umulembe n'kumuteteza. Nthawi yoyeserera chida umachita kuba wekha pakati pa zonsezi.

Gweru ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 275 kuchokera kuno, ndiye pa fizi onjezanipo lendi, chakudya ndi basi. Chotonthoza n'chakuti chaka chachitatu ndi cha atachimenti, pomwe wophunzira amakagwira ntchito pamalo enieni. Masitudiyo ambiri ndi mawailesi akuluakulu ali mu Harare muno, choncho mwanayo akhoza kubwerera pakhomo chaka chonsecho. Ndipo musaiwale kuti National FM imaulutsa m'zilankhulo zambiri za dziko lino kuphatikizapo Chichewa. Mwana amene sanataye chilankhulo cha agogo ake ali ndi chomwe anzake a m'kalasi alibe.

Pamenepa ndiye pomwe ine ndimaona kuti yunivesite ikuposa njira zinazo. Pa kafukufuku wa chaka chomaliza, mwana wathu safunika kupita kutali. Gule wamkulu, yemwe UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, amavinidwa m'malokeshoni athu omwewa. Mu 2020 bungwe lomwelo linalemba luso losula ndi kuimba mbira ndi sansi ngati cholowa cha Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Nyimbo za chigwirizano cha amayi, beni, nyimbo zapamaliro zomwe zasakanikirana Chichewa ndi Chishona, zonsezi zikudikira wozilemba wochokera mkati. Za gule, tinene poyera, zili ndi malire ake. Wosameta pali pomwe sangafike, ndipo mwana wa mkulu wa mpingo wa CCAP akati akafufuze za kudambwe, ayambe wakambirana ndi akunyumba.

Njira yachitatu anthu amainyoza, koma ndi yomwe imafikitsa msanga pa ntchito yodziwika. Ku Seke Teachers' College ku Chitungwiza kapena ku Morgan Zintec ku Arcadia munthu amalowa ndi O Level, n'kutenga nyimbo ngati phunziro lake lalikulu. Dipuloma ya m'makoleji amenewa yakhala ikuperekedwa mogwirizana ndi University of Zimbabwe, ndipo ukaipeza ukhoza kudzaonjezera digiri ya uphunzitsi uli kale pantchito. Kuyambira 2017, pomwe silabasi yatsopano inaika zaluso ndi zoimba m'makalasi a pulayimale, mphunzitsi wodziwa kuyendetsa kwaya ndi gulu la malimba sasowa chochita pasukulu. Malimba omwe timawaona m'masukuluwa ndi ochokera ku Kwanongoma College ku Bulawayo, komwe anawakonza m'zaka za m'ma 1960, pamodzi ndi mbira ya nyunga nyunga ya mano 15 yomwe Jege Tapera anaiphunzira cha ku Tete. Za malipiro a mphunzitsi wa boma sindikuuzani zachilendo. Ndipo dziwani kuti uku ukuphunzira uphunzitsi poyamba, nyimbo pambuyo. Amene mtima wake uli pa siteji, choko chidzamutopetsa.

Pali chopunthwitsa chimodzi chomwe chimadikira ana athu panjira zonse zitatu. Kwaya ya kutchalitchi imaphunzitsa solfa. Mwana amawerenga d, r, m, f wa pabolodi ngati akumwa madzi, amagwira tena osamuuza, ndipo tonse timati ameneyu nyimbo amazidziwa. Mupatseni pepala la mizere isanu ija ya staff notation, muona akuliyang'ana ngati kalata yochokera ku China. Khutu ali nalo labwino, mwina loposa la anzake ochokera m'masukulu a kumayadi, koma iwo anayamba kale mayeso a nyimbo a bungwe la ku Britain la ABRSM, omwe ali ndi magiredi 1 mpaka 8, ndipo giredi 5 ya theory ndiyo imatsegula khomo la magiredi apamwamba a chida. Mpata umenewu ukapanda kutsekedwa msanga, semesita yoyamba imathera pothamangitsa anzako.

N'chifukwa chake ine sindiona Rotten Row ndi Gweru ngati adani. Mwana akadali fomu faifi, mulembetseni maphunziro a Loweruka kapena a masana ku Zimbabwe College of Music, aphunzire kuwerenga manotsi ndi chida chimodzi. Pakatha chaka mudzadziwa nokha. Ngati akudzuka m'mamawa kuti ayeserere kiyibodi magetsi asanazime, msiyeni apitirize komweko, ndi woimba ameneyo. Ngati chidwi chake chili pa mikisa ndi pa mafunso a chifukwa chiyani, A Level ikatuluka bwino mukwezeni basi ya ku Gweru. Wina amene akufuna bandi basi, popanda za digiri, akaone Music Crossroads Academy, yomwe ilinso ku Lilongwe ndi ku Maputo. Bandi ya Mokoomba inatchukira pa mpikisano wa bungwe limeneli ku Lilongwe mu 2008.

Ena amafunsa za ku Zomba, poti University of Malawi nayo imaphunzitsa nyimbo. N'zotheka ngati kumudzi kuli abale oti amusunge pa tchuthi, koma yambani mwaona mapepala. Kalata yobadwira ndi chitupa zimafunika polembetsa kulikonse, ndipo fizi ya nzika ndi ya mlendo sizifanana. Malamulo a dziko a mu 2013 anapereka unzika kwa wobadwira muno malamulowo asanatuluke amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC, komabe m'nyumba zambiri mwathu muli zitupa zakale za chilembo A, chosonyeza mlendo, zomwe sizinasinthidwe. Pitani naye mwanayo kuofesi ya zitupa akadali fomu faifi, mafomu olowera asanatuluke.