Bokosi la lanchi la zigawo zitatu lija, ndaliyesa kwa mwana wa ku nazale

Amayi anzanga amene mukufuna kugula mabokosi a lanchi a zigawo zitatu aja adzadza m'mashopu a ku Limbe, ine ndinagula limodzi nde ndikuuzeni mmene ndalionera. Ndi lapulasitiki yolimba bwino, chivindikiro chili ndi timakilipu m'mbali ndi kamphira kozungulira, mkati muli chigawo chachikulu chimodzi ndi tiwiri tating'ono. Mtengo ndi wokwererako kuposa kontena wamba ya pamsika koma sipamalira munthu ayi.

Chomwe ndalikondera kwambiri ndi zigawozo. Ukaika mbatata yophika m'chachikulu muja tiwiri tija timakhala tikukuyang'ana topanda kanthu, basi umapezeka wawiritsa dzira, wadula nthochi kapena papaya, pamene kale zikanathera pa mandasi ndi majigisi ogula panjira. Kusikelo amatiuza za magulu 6 a zakudya aja, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, onsewo m'bokosi limodzi sangakwane tsiku lililonse koma atatu kapena anayi amatheka ndithu. Buledi wopaka chiponde ndi magulu awiri kale amenewo. Chigumu cha mgaiwa ndi nthochi chimakhalamo bwino osaphwanyika, zitumbuwanso chimodzimodzi. Mtedza wathunthu wokha osamuikira mwana wosakwana zaka 5 chonde, umatsamwitsa, bola wosinja.

Tsono vuto lake nali. Kamphira kaja kamatseka kunja kokha, chikwama sichinyowa zoona, koma makoma a mkati safika pachivindikiro ndiye mwana akathamanga nalo msuzi wa nyemba umawolokera kwa zipatso, papaya yense kufiira tomato, ndipo mwana akangoona zasakanikirana chonchi sakhudzanso, zimabwerera kunyumba mmene zinapitira. Za msuzi zisiyeni. Peyalanso limada msanga ngati simunafinyirepo ndimu.

Silisunga kutentha kapena kuzizira, ndi pulasitiki basi. Ndi dzuwa la Okutobala ku Blantyre kuno dzira kapena mpunga wa nyama zikakhala m'chikwama mpaka masana ine sindingakhulupirire, ndimamuuza aphunzitsi kuti adye zimenezo pa buleki yoyamba. Botolo la madzi ndimaligoneka mu filiji usiku n'kuliika pambali pa bokosi, zimathandizako magetsi akakhala kuti sanazime.

Timakilipu tija ndi tolimba kwa tizala ta mwana wa zaka 3, amachita kukapempha anti a kusukulu kuti amutsegulire, ndiye pogula mutengeni mwanayo ayese yekha m'shopu momwemo. Potsuka muzichotsa kamphirako, pansi pake pamabisala nyenyeswa ndipo pamachita nkhungu yakuda mukangolekerera.

Ngati mwana wanu amadya zouma ngati mbatata, chinangwa, buledi ndi zipatso, gulani simudandaula. Amene mumalongedza mpunga wa ndiwo zamsuzi funani kafulasiki kachakudya kachitsulo kaja, ili likukhumudwitsani.